Chibwano cha Che Amidu

Sisita Scholastica anatsika kabaza ku Lifuwu kutada kale, akuchokera kumaphunziro osamalira odwala amene atsala pang'ono kumwalira. Satifiketi anainyamula poyera kuti aliyense aione, ngakhale mumsewu munalibe munthu.

M'mbali mwa minda ya mpunga anakumana ndi Che Amidu, wodwala wawo amene sanadzukepo pamphasa chiyambire Januwale. Ankayenda bwinobwino. Achule onse anali chete.

"Mwaiona ntchito ya manja anga?" anatero Sisita monyadira.

"Taiona, Sisita. Nanga kumanga chibwano cha womwalira anakuphunzitsani?"

"Tsiku lachitatu. Ndinakhoza kuposa onse."

"Alhamdulillah. Ndiye fulumirani kwathu. Ana anga akulephera, ndipo ine ndayamba kale kuuma."