Nesi Amene Anakana Kugona Pansi

Kasanu konse Kachete anatuluka pakhomo lija atavala yunifolomu ya unesi, ndipo kasanu konse mawu anamuthera pakhosi.

"Iwe, ukuthamangitsa adani kapena ukupempha mchere?" anakalipa Achipewa, mkulu wa filimu imene ankajambula. "Apolisi athu akafika tijambula komaliza. Ukanong'onanso uvule yunifolomuyo, avale mlamu wanga."

Mlamuyo anali pa mgolo, akupala zikhadabo, akumwetulira ngati wavala kale.

Anali pabwalo la fakitale yakale ya sopo, yomwe anaisandutsa chipatala cha nthawi ya nkhondo. M'mawa wonse asilikali a m'filimu anakhala akuliza mfuti zakale zobwereka kwa asilikali enieni, zipolopolo zake zongolira chabe, mpaka nkhunda zinasamuka padenga. Tsopano kunatsala gawo la Kachete: apolisi a adani afika kudzafuna mfuti zobisidwa m'chipatala, nesi aima pakhomo n'kuwakaniza kulowa.

Koma lole yobweretsa apolisiwo inachedwa. Dalaivala anatenga zonse ulendo umodzi: anyamata osewera upolisi, mfuti zawo, buledi wa masana, ngakhale kalata yachilolezo chojambulira. Ndiye Kachete ankayeserera ndi tsache, lomwe ankamuloza nalo Asajeni, msilikali wopuma amene ankasunga mfuti.

"Usaope, mwana wanga," anatero Asajeni. "Mfuti iliyonse ndikaiyendera ndimaikulunga tepi yofiira kuthako. Ukaona tepi, dziwa kuti ilibe mano."

Kachete sankaopa mfuti. Ankaopa kubwerera ku saluni kumene ankaluka tsitsi, kukayang'anana ndi makasitomala amene anawauza kuti adzamuona pa kanema. Ankaopanso maso a wojambula uja wa nsidze zazitali, amene dzulo lake anamuuza kuti kamera imakonda nkhope yake. Dzina loti Kachete anampatsa kusukulu chifukwa chosayankhulayankhula, ndipo anatopa nalo ngati nsapato yothina.

Analowa m'chipinda cha odwala n'kutseka chitseko. Ankawadziwa Achipewa: sachenjeza munthu. Amabisala kuseri kwa migolo n'kukutumizira anthu mwadzidzidzi kamera ili mkati mojambula, ati mantha enieni sayeserera. Akakhutira amaimba wezulo.

Sipanapite nthawi, anamva galimoto, kenako nsapato zolemera, kenako mawu okalipa. Anasuzumira pamng'alu. Nyali ya kamera inali ikuyaka. Odwala a mabandeji anali chafufumimba pansi, wojambula pansi, ngakhale mlamu uja nkhope m'fumbi. Apolisi asanu ndi mmodzi anali atamwazikana pabwalo, mayunifolomu awo osuluka m'mapewa. Telala wa filimuyi ndi dolo, anaganiza Kachete.

Achipewa ayamba zawo. Chabwino. Aone.

Anakankha chitseko n'kuima pakhomo.

"Gonani pansi, mayi," anatero wapolisi wamkulu, wa ndevu zapamlomo. "Anthu atiimbira kuti muno mukulira mfuti kuyambira m'mawa. Zili kuti?"

Mawu amene analoweza kwa milungu itatu anauluka onse. Anabwera ena, amene anakhala akumeza chiyambire sukulu.

"Sindigona. Yunifolomu iyi ndachapa ndekha."

"Ndati gonani."

"Ndamva, sindine gonthi. Muno muli odwala. Mukafuna kulowa muyambe mwaombera ine, mukatero mukawauze amayi anu kuti lero mwagwira ntchito yaikulu, mwapha nesi."

Anatsika masitepe atatu a pakhomopo mosathamanga, n'kulunjika kwa wapolisi amene anali pafupi. Anayenda mpaka kamwa la mfuti linagunda batani la pachifuwa pake. Linali lozizira, lonunkha oyilo. Thukuta linali mbwee pamphuno pa wapolisiyo. Ameneyu amatha kusewera, anaganiza Kachete, koma lero sandiposa.

Anagwira mfutiyo n'kuikankhira pambali. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Kuthako kwake kunalibe tepi. Asajeni akalamba ndithu, ayamba kuiwala.

"Mtsikana iwe, mutu wako ukuyenda bwino?" anafunsa wamkulu uja, mawu atatsika.

"Ukuyenda bwino kuposa wanu, bambo, inu oloza mfuti munthu wonyamula thonje. Ndevu zonsezo, manyazi mulibe? Tsitsani. Nonsenu."

Wamkulu uja anamuyang'ana nthawi yaitali. Kachete sanaphethire. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake mawu ake anamveka mpaka kumpanda, n'kubwerera okha. Anadziona kale pa chikwangwani chachikulu cha m'tauni, atakweza chibwano, makasitomala a ku saluni ataima pansi pake kukamwa yasa.

Wamkulu uja anakweza dzanja pang'ono. Mfuti zinatsika, imodzi imodzi, mpaka zonse zinaloza fumbi.

Wojambula anadzutsa mutu n'kumuyang'ana ndi maso amene Kachete sanawaonepo, ndipo iye anamutsinzinira diso. Kenako anaponya maso kwa mlamu uja, amene anali akadali chigonere, zikhadabo m'dothi. Bwera udzandivule yunifolomuyi, anatero mumtima.

Anapinda manja pachifuwa, kudikira wezulo ya Achipewa.

Wezulo sinalire. Chinalira ndi hutala kugeti. Lole inalowa pang'onopang'ono, kumbuyo kwake kutaimirira apolisi a m'filimu akutafuna buledi, mfuti zawo zili ndi tepi yofiira kuthako, dalaivala akukupiza kalata yachilolezo pawindo.