Joyisitiki ya Mussa

Sadiki analowetsa waya womaliza mu kompyuta, ndipo kanyali kofiira kanayaka pansi pa joyisitiki.

Chigwiriro choyendetsera gemuchi anali atachichotsa m'mawa womwewo pa makina a gemu a mkulu wake Mussa, m'kanyumba ka padoko momwe ana ankasewera. Mussa anamira pa nyanja ya Chilwa mu Januwale, bwato litagubuduzika ndi mphepo. Thupi lake silinapezeke.

Falida, mkazi wa Mussa, anaima pakhomo ndi lichero la mpunga.

"Alamu, katundu wa malemu sitikhudza sadaka isanachitike. Kabwezeni amalume asanamve."

"Ndikungoyesa ngati ikugwira ntchito, alamu. Sindichedwa."

Gemu inatseguka. Pa sikirini panaoneka kamunthu kataima m'njira. Sadiki asanakhudze chigwiriro, kamunthuko kanayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumanzere, kufulatira nyanja imene inkaoneka pawindo.

Mutu wa chigwirirocho unali wosalala mbali imodzi, pamene chala chachikulu cha Mussa chinadya utoto.

"Ndi sipuling'i," anatero Sadiki. "Inafooka, ndiye imakokera mbali imodzi."

Anaika manja onse pamaondo. Kamunthu kaja kanaima ngati kakupuma, kenaka kanapitiriza ulendo.

Falida anatula lichero pansi. Nkhuku zinafika n'kuyamba kujompha mpunga, koma iye sanaziingitse.

Sadiki anatambasula dzanja kuti azule waya. Falida anamugwira pamkono.

"Musazule," anatero motsitsa mawu, maso ali pa sikirini. "Asiyeni ayambe afika."