Chingerezi cha Brenda

Aphunzitsi a Spencer ndiwo anawaonongera mwana Mayi Namakhwa. Mayiwo anali atauza kale aliyense pa Chinakanaka, ndipo tsopano anali chilili pakhomo pa aphunzitsiwo, mpini wa khasu uli m'manja.

Mwana wawoyo, Brenda, anachoka m'mamawa osalawa ndi tiyi yemwe. Dzuwa linapendeka asanabwere. Foni yake inali yozima.

Mwana analipo yekhayo. Bambo ake anawaika m'manda chaka chatha atatsala mafupa okhaokha, matenda okatola kumalaini a ku esiteti ya tiyi. Mayi Namakhwa ankadziwa bwino zimene mwamuna amasiya m'thupi la mkazi. Sankafuna kudzaona Brenda atagona pamphasa imene anagonapo bambo ake.

Zonse zinayamba ndi Chingerezi. Pa mayeso a Fomu 4 Brenda anakhoza zina zonse, koma Chingerezi chinamugwetsa, ndipo popanda icho satifiketi iwalani. Ndiye anamutumiza kwa a Spencer, amene ankaphunzitsa obwereza kunyumba kwawo. Munthu wake wopanda mkazi, wovala tayi ngakhale popita kuchigayo. Mayi Namakhwa sanamukhulupirire mpang'ono pomwe. Anapempha mnzawo wa kutchalitchi, Mayi Christobel, kuti azimuperekeza mwanayo.

"Mtima m'malo, make Brenda," anatero a Christobel. "Mwana wanu ndi wanga. Ndizimudikira pakhonde mpaka aweruke."

Poyamba zinkayenda. Brenda ankatsuka mbale akung'ung'udza matensi, awa akale, awa a m'tsogolo. Kenako matensi anatha. Anayamba kuima pagalasi, manja kumbuyo, mutu woweramitsa.

"Yesi madamu. Sole madamu. Thenkyu madamu."

"Iwe, Chingerezi cha mayeso n'chimenecho?"

"Chingerezi chimasintha, amayi. Cha masiku ano n'chimenechi."

Chimasintha! Chinasintha mpaka kubala foni yatsopano. Chinabala chikwama cha matayala chimene chinabisidwa kunsi kwa bedi. Chinabala kachithunzi ka nkhope yokha, makutu ali poyera. Kachithunzi kotero n'kokaika kuti, ngati si m'thumba la malaya a mwamuna?

Tsiku lina a Spencer anachita kuwatsekera njira mumsika wa pa Chonde.

"Mayi, pali nkhani ya Brenda. Tikhale pansi."

"Mukakhale pansi ndi amayi anu!"

Anawalavulira pafupi ndi nsapato n'kumapita. Atawafotokozera a Christobel, iwo anapukusa mutu. "Amuna a tayi ndi otero. Musalankhule nawonso, ine ndilipo." Mayi Namakhwa anawagwirira tambala wawo wofiira, kuthokoza.

Lero ndi pamene anasuzumira kunsi kwa bedi. Chikwama chija panalibe.

M'nyumba mwa aphunzitsi munkamveka mawu a mwamuna, akulankhula Chingerezi mofatsa, ndipo kamawu ka mtsikana kankabwereza pambuyo. Mayi Namakhwa sanadikirenso. Anamenya chitseko ndi phazi.

Atsikana awiri anali pabenchi, makope pamiyendo. A Spencer anali pabolodi, choko chili m'manja. Brenda munalibe.

Mayi Namakhwa analowa kuchipinda osaodira. Anang'amba katani, anagubuduza matiresi, anagwada n'kupisa mpini kunsi kwa bedi. Munatuluka mabuku afumbi ndi nsapato imodzi. Apa mpamene mantha enieni anawagwira. Ngati sali pano, ndiye wamutani? Anakumbuka zitsime zakale za kuseri kwa misika. Anakumbuka madzi a mumtsinje wa Likhubula mvula ikagwa kuphiri.

"Mwamuika kuti?"

"Mayi, tulani kaye mpiniwo."

"Ndati wamuika kuti mwana wanga, galu iwe!"

Anakweza mpini. Atsikana aja anakuwa n'kupanikizana pakona. A Spencer anabwerera mpaka msana unagunda bolodi, manja ali m'mwamba.

"Brenda anasiya kubwera kuno mvula isanayambe. Anati Chingerezi changa n'cha m'mabuku, sichidyetsa munthu. Wapeza womuphunzitsa chokagwirira ntchito za m'nyumba kumaiko a Aluya. N'zimene ndinkafuna kukuuzani pa Chonde paja. Ndinamuuza kuti kumeneko ena amawalanda mapasipoti, ena amabwerako m'bokosi. Sanandimvere."

"Bodza! Mayi Christobel amamuperekeza kuno tsiku ndi tsiku!"

"Mayi Christobel ake ati? Pakhonde panga sipanakhalepo munthu."

Mmodzi wa atsikana aja anatulutsa mutu kuseri kwa mnzake.

"A Christobel a kutchalitchi aja? Ndawaona m'mawa pasiteji akukwera ndi Brenda minibasi ya ku Limbe, atamunyamulira chikwama cha matayala. Amamuyesa zomwe amaphunzitsa atsikana kunyumba kwawo zija, iye n'kumayankha kuti yesi madamu."

Mpini unagwa pansi.

Minibasi imeneyo inadutsa pa Chonde m'mawa kutayera bwino, anthu muli mbwee mumsewu. Inu mukuwerenganu, musangopinda nyuzipepala n'kukulungira usipa. Yankhani, Brenda ali kuti?