Tigalasi ta Amalume

"Amalume, mukanda penti!" anakuwa Morgan.

A Daka, amalume ake, sanatembenuke n'komwe. Anapitiliza kumata tigalasi tozungulila pa magalasi am'mbali a galimoto yothamanga ya Morgan, yofiila, ya mipando iwili yokha.

M'mbuyomu, katatu konse Morgan anawapitilila akuyenda pansi mumsewu wa ku Kalindawalo, ndipo katatu konse anapepesa mofanana: "Galimotoyi ndi yotsika, amalume, munthu wa m'mbali saoneka." Zoona zake, sankafuna fumbi lakumunda pamipando yake yachikopa.

"Wogulitsa ku Petauke wati timeneti timaonetsa ngakhale nkhuku," anatelo a Daka, akutipukuta ndi chipewa. "Ndimada nkhawa, mwana wa mlongo wanga. Ungagunde munthu."

Morgan anathokoza akukukuta mano.

M'mawa mwake anadutsanso mumsewu womwewo, khosi ataumitsa, maso kutsogolo. Koma diso linamupeleka. M'kagalasi kakumanzele zonse zinaoneka bwinobwino: a Daka atakweza mkono, thumba la mtedza pansi, mbuzi pachingwe.

Anaponda buleki, akutukwana chamumtima.

"Waona?" anatelo a Daka, akukankhila mbuzi pampando. "Tigalasiti tikugwila ntchito."