Mavayolini a Loweruka

Batire la sipika linatha nyimbo ili pakati, koma a Zilole anapitiriza kugwedeza mutu atatsinzina, chala chikugogoda tebulo.

A Dziwani anangowayang'ana. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kuchokera ku Linthipe, chisanu chikuwaluma m'mawondo, kudzamvera ndi mnzawoyu nyimbo zakalekale za mavayolini ndi limba, zimene adzukulu awo ankaziseka kuti n'zapamaliro.

"Apa ndiye pokoma, achimwene," anatero a Zilole mokweza kwambiri, monga ankachitira chiyambire kugontha makutu. "Mukumva mmene akulirira mavayoliniwo?"

M'nyumba munali zii. Panja nkhuku inkatetera.

A Dziwani anausa moyo, navula chipewa n'kuphimba kanyale kozima ka sipikayo.

"Ndikumva," anayankha, nawonso n'kuyamba kugwedeza mutu.