Kusaka Nkhope ya Nookaraju

Nyimbo yachinayi ya mufilimu inali itafika pakati, koma a Sambayya anali asanaionebe nkhope ya Nookaraju.

Kusaka ankasaka mwachilungamo ndithu. Asilikali makumi atatu atavina pakhomo pa mfumu ya njoka, anawaunika mmodzimmodzi. Ziwanda zitatuluka m'chitsime, anapukuta magalasi. Ngakhale atsikana ovina pamitambo anawayang'anitsitsa, poti za anthu a mafilimu sungazidziwe. Mnyamatayo munalibe, ndipo mtima wa a Sambayya unali mbee.

Nookaraju anabwerako ku Madras mwezi wathawo, tsitsi lili nyezinyezi ndi mafuta, n'kudzafunsira Vanaja, mwana mmodzi yekhayo wa a Sambayya. Akuti amagwira ntchito m'mafilimu. Vanaja ankamufuna, osabisa n'komwe. Koma a Sambayya anali ataponya kale diso pa mwana wa mwini chigayo champunga ku Palakollu. Paukwati wa kumeneko, bambo wa mtsikana amagwada anthu onse akuona, n'kusambitsa mapazi a mkamwini. A Sambayya, mlembi wa kukachisi kwa zaka makumi awiri, akaganiza zogwadira kamberembere ngati ameneyu, mpunga unkawaima pakhosi.

Ndiye anagamula pamaso pa abale. Akamuona mnyamatayo mufilimu yatsopano imene ankati alimo, atenge mkazi. Akapanda kumuona, Lachisanu banja lonse ulendo wa ku Palakollu.

"Mundiona, bambo," anatero Nookaraju tsikulo. "Chinsalu chonse ine ndekha."

Lero banja lonse linali litadzaza mzere wathunthu muholo ya kanema ku Narsapuram, masana dzuwa likuswa mtengo, malata akuthetheka. Kumanja kwa a Sambayya kunali Vanaja ndi azakhali ake. Kumanzere kunali Nookaraju, akuswa mtedza ngati mlanduwu ndi wa munthu wina.

"Kodi hatchi yowulukayo ndiwe?" a Sambayya anamunong'oneza.

"Ayi, bambo."

"Nanga mtengo woyankhula uja?"

"Dikirani pang'ono."

"Ndadikira mpaka matako achita dzanzi, mwana iwe. Kapena unali mkati mwa ng'ona?"

Nookaraju anangowapatsa mtedza. Anaukana.

Kenaka nyimbo yachisanu inayamba. Msodzi wa m'nkhaniyo, atavutika maola awiri kufunafuna mwana wamkazi wa mfumu ya njoka, anafika kumwamba n'kudzigwetsa pamaso pa Swami, mulungu wa kumeneko. Zitoliro zinalira. Nkhope ya Swami inangooneka kamphindi, chithunzi n'kutsika, kutsika, mpaka chinaima pa mapazi.

Mapazi ake abale inu! Obiriwira ngati thambo, ataponda pa duwa lalikulu, timabelu tagolide tili m'miyendo. Zala zondondozana bwino, zidendene zosalala zosadziwa minga. Manja ankathirapo mkaka, kenaka uchi, kenaka maluwa, woimba akutchula chala chilichonse ndi ulemu wake.

Holo inasanduka kachisi. Amayi anathamangira kutsogolo, kuswa kokonati pansi pa chinsalu ndi kuyatsa lubani. Pa zopemphera a Sambayya sankalola kupitiriridwa ndi munthu. Misozi inali itayamba kale kutsika. Anaiwala za mlandu, anaponda abale atatu potuluka mumzere, n'kukadzigwetsa chafufumimba m'makoko a mtedza.

"Swami!" anafuula, mawu kuposa zokuzira mawu. "Mapazi awa ndikanawasambitsa ndi manja angawa! Madzi ake n'kudziwaza kumutu! Chilichonse cha m'nyumba mwanga tengani!"

Nyimbo itatha anadzuka n'kukalipira woyendetsa makina kuti aibwereze. Holo yonse inavomereza ndi miluzu, ndipo anaibwerezadi. A Sambayya anagwadanso, n'kulumbiranso zomwe zija, ulendo uno mokweza kwambiri kuti a kumbuyo amve.

Nyimbo yachisanu ndi chimodzi inali yaukwati wa msodzi, anthu mazanamazana. Anaunika onse mwamwambo chabe. Magetsi atayaka, anatembenukira abale, makoko a mtedza ali pamphumi.

"Mboni ndinu. Alipo waiona nkhope ya mnyamatayu?"

Panalibe. Azakhali anapukusa mutu. Vanaja anali ataphimba nkhope ndi nsonga ya nsalu yake, mapewa akugwedezeka. Apa a Sambayya chisoni chinawagwira ndithu, poti mwanayo ankamukonda, ndipo sanafune kupambana mochita kumuliza pagulu.

"Usalire, mayi wanga," anatero mofatsa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndadekha maola atatu. Munthuyu ndi wabodza. Ku Palakollu sukagona ndi njala."

Vanaja anagwedezeka koposa, kamawu kakuthawira m'mphuno.

"Nkhope ayi, bambo, za nkhope sindinanenepo," anatero Nookaraju, akumasula lamba wa nsapato. "Katswiri wathu wosewera Swami uja ali ndi ming'alu kumapazi yoti mungabisemo njere za mpunga, komanso ukangomukhudza kuphazi amaseka mpaka kugwa. Ndiye Swami kuyambira m'mawondo kupita kumwamba ndi iyeyo. Kumunsiku ndine."

Anasanjika mapazi onse awiri pampando wakutsogolo. A Sambayya anawazindikira chala ndi chala, ndipo mpamene anamva bwino kuti mwana wawo sakulira.

"Koma madzi ake adzakhale ofundirako, apongozi," anatero Nookaraju. "Mkaka uja unali wozizira."