Makatuni M'nyumba Yopanda Mwana

Loweruka masana Anamawaya anali atagwada kuseri kwa TV, fumbi mpaka m'zigongono, akufufuza chimene chavuta ndi seva yawo. Dzina limeneli anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa mayi amenewa sadutsa waya osaugwira.

Sevayo inali kompyuta yakale imene kuofesi ankafuna kutaya. Iwo anaitola, kuipukuta, kuiikira mahadi disiki awiri, n'kuiphunzitsa ntchito. Ukangolemba dzina la filimu kapena sewero, yokha inkapita kukalisaka pa intaneti, kulidawuniloda, kuliika m'foda yake ndi chithunzi chomwe. Gawo latsopano likatuluka, unkalipeza likukudikira. Ndipo aliyense wokhala ndi akaunti ankaonera ali kulikonse, ngakhale kutsidya kwa tauni.

Tsono sabata imeneyi sewero limene Anamawaya amalikonda silinabwere. Seva inkangoti malo atha. Atatsegula kuti aone chadzaza n'chiyani, inu, makatuni okhaokha. Tinkhumba toimba, tigalimoto ta maso, nyimbo zophunzitsa kuwerenga, magawo mazana anayi ndi kupitirira. M'nyumba imene zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati zadutsa popanda thewera kuyanikidwa pachingwe.

Onsewo anawapempha ndi akaunti imodzi, yolembedwa kuti Alendo. Anaitsegula okha chaka chatha, amuna awo atachonderera kuti achibale nawo aziona mafilimu. Seva sibisa kanthu. Inaonetsa kuti akauntiyo imaonera pa TV imodzi ya kwina, m'mawa uliwonse, komanso masana ana akaweruka kusukulu.

Apa panalibe chofunira wowombeza. Anali alamu awo basi, mchemwali wa amuna awo, wa ana anayi ndi pakamwa ngati lumo. Si omwewa ananena pagulu la achibale kuti ena amalera ana, ena amalera makompyuta? Si omwewa amati akafika amayamba kupereka moni kwa seva, akuti ndi mwana woyamba wa alamu awo? Anthu ankaseka mpaka misozi, amuna awo n'kumangoyang'ana nsapato. Ndipo mwezi watha Anamawaya ataona katuni yoyamba n'kufunsa, bambowo anayankha osakweza mutu kuti ndi ana a achemwali, ana ndi ana, asiyeni.

Kutonza munthu ndi pakamwa, chabwino. Koma kumudzazira makina ake ndi zinthu za ana, kuti azikumbukira tsiku lililonse chimene alibe, kumeneko kunali kuponda pachilonda ndi nsapato. Anamawaya anatsimikiza mtima kuti lero zithe, ndipo amuna awo amve ndi makutu awo, asankhe mbali kamodzi kokha.

Mwayi wake, alamuwo anali pabalaza pomwepo. Anabwera osaitanidwa monga mwa nthawi zonse, nsapato atavula, mapazi patebulo, kapu ya tiyi m'manja. Amuna a Anamawaya anali pampando wina akusankha nyimbo pafoni, zikumveka pa sipika yaikulu ya pakona.

Anamawaya anasasa fumbi, anatenga laputopu, n'kukhala pakati pawo. Anafunsa ndi mawu a uchi ngati ana ali bwino. Alamuwo anati ali bwino kwambiri, awasiya kunyumba atamatirira pa TV ngati ntchentche pa shuga, koma zimenezo munthu wosabereka sangazimvetse.

Basi, umboni unakwana. Zala zinayamba ntchito. Anasintha pasiwedi ya Alendo. Anatulutsa TV ya kwinayo pakati pa katuni. Kenako anasankha foda yonse ya tinkhumba ndi tigalimoto. Seva inafunsa ngati akutsimikizadi kufufuta. Anatsimikiza, ndipo akanafunsidwa kawiri akanatsimikiza kawiri.

"Alamu, foni yanu itulutseni m'chikwamamo," anatero akutseka laputopu. "Ana akuimbirani pompano."

"Mwayamba uneneri liti, alamu? Mawaya aja akukwanani?"

Anamawaya anangomwetulira. Mawu anali nawo okonzakonza, anawayeserera mumtima akadali kuseri kwa TV kuja. Akangomva ana akulira pafonipo, adzawauza alamuwo kuti amene wabereka anayi agulenso seva yakeyake, wosabereka wapuma ntchito yolera ana a eni. Anangopinda manja, maso pa chikwama chija.

Mphindi imodzi inadutsa. Ziwiri. Alamu akungopsontha tiyi. Zitatu.

Nyimbo inaduka pakati, foni n'kuyamba kulira. Koma chikwama chinali phee. Kulirako kunkachokera pa sipika ya pakona. Amuna awo anayang'ana nambala, nkhope inasintha, anathamangira kuti adule, chala n'kuterereka kudina poyankhira.

Kamawu kakang'ono kanadzaza pabalaza ponse. "Adadi, makatuni athima. Amami akuti mubwere mudzakonze."

Anamawaya anatembenukira kwa alamu awo, kuti mwina awiriwa adabwire limodzi. Alamuwo anaika kapu pansi mofatsa.

"Yankhani msanga, achimwene. Ameneyo ndi wamng'ono uja, akayamba kulira satonthola ngati mkulu wake."